Phazi Limene Ndinaumba

Ana anga, pamene munabwera kuno ku Kanakantapa mwezi watha ndi nkhani yoti mugumule simenti yakale ya pamanda a mkulu wanu Tereza, muikepo mwala wonyezimira ngati umene amaika anzanu a ku Silverest, ndinakana mwaukali ndipo munabwerera mutakhumudwa. Yosefe anachita kunena kuti simentiyo ndi yong'aluka, komanso ili ndi chidindo cha phazi pakona ngati ntchito ya mmisiri woledzera. Sindinakuyankheni bwino tsiku limenelo. Ndikudziwanso kuti munakula mukumva akuluakulu a ku mishoni akunong'ona kuti bambo anu ndi aja anatsekera Amayi Maria m'shedi ndi loko. Simunandifunsepo, ndipo ulemu umenewo ndimauyamikira, koma wakusiyani ndi nkhani yatheka. Tsopano msana wakana ntchito, amayi anu anatsogola, ndiye ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, kuyambira pamene ndinagwira fosholo.

Chalimbana, 1974

Ndinachoka kwathu ku Katete ndevu zisanamere, ndi bulangete limodzi paphewa. Malume ndiwo anandipezera malo m'gulu la amisiri amene ankamanga nyumba za aphunzitsi ku Chalimbana. Ndinayamba ngati dakaboyi, wokanda daka ndi kuthamanga nalo pa wilibala kupita kwa omanga. Kapitawo wathu anali Ba Chanda, Mbemba wochokera kumigodi, wamfupi, wolusa pakamwa koma mtima uli bwinobwino. Ankandiitana kuti wodya mbewa, ine n'kumawabwezera chapansipansi kuti odya anyani, monga timachitira ife a kum'mawa ndi Abemba, ndipo palibe ankakwiya. Iwo ndiwo anandipatsa mpeni womangira koyamba. Ndikamanga mzere wa njerwa n'kubwerera m'mbuyo kuti ndidziyamikire, ankabwera n'kuika levulo yoyezera kuwongoka pamwamba, kenako n'kukankha mzere wonse ndi jombo. Ndinalira misozi yaukali kangapo, koma ndinaphunzira kusakhulupirira maso anga pa chinthu chimene ndapanga ndekha.

Masiku amenewo Chipani chinali chimodzi, ndipo khadi lake linali ngati mphuno, sunkalisiya kunyumba. Titamaliza ofesi ina yaing'ono, anabweretsa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko kuti chikhomedwe akuluakulu a boma asanafike kudzaona nyumbayo. Ba Chanda anandipatsa nyundo ine. "Iwe mwaiche, ukhomele bwino. Ikapendama iyi pikicha, uzapendama ni iwe." Ndinachikhoma. Mawa lake ndinaona amuna aakulu akuvula zipewa podutsa pansi pake, ngakhale m'chipindamo munalibe munthu. Pa nthawi yopuma Ba Chanda anandikokera kuseri kwa mulu wa njerwa nati, "Waona? Dzulo inali mu bokosi, lelo bantu baivulila visote. Iwe usayope chintu chamene wakhoma na misomali yako. Uyope chabe bamene baimilila pafupi." Ndinaseka, osadziwa kuti mawu amenewo adzanditsata mpaka m'tchalitchi.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo zinthu zinayamba kusowa. Simenti inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ena tinkangokhala pansi pa mtengo kuwongola misomali yakale pamwala. Pa mtengo womwewo ndi pamene ndinaonera amayi anu, Veronika, atabwera kudzagulitsa munkoyo ndi azakhali awo. Anali mwana wa kumishoni, bambo awo ankasamala ng'ombe za ansembe, ndipo ankaimba kwaya. Ankaseka msanga, kaseko kopanda kubisa mano. Ndinamwa munkoyo wambiri chaka chimenecho kuposa mmene mimba inkafunira. Tinakwatirana mu 1977, ndipo ntchito ya ku Chalimbana itaima chifukwa cha kusowa kwa zipangizo, apongozi anandiuza kuti kumishoni akufuna mmisiri.

Ku mishoni, 1978

Bwana wanga watsopano anali Bulaza wachizungu wa gulu la ansembe, amene anthu anamupatsa dzina loti Kanyundo, chifukwa ankayenda ndi kanyundo m'thumba la mkanjo n'kumagogoda khoma lililonse kuti amve ngati lili ndi mphako. Pansi pake ndinaphunzira zonse: kumanga, kupala matabwa, kupenta, kukonza madenga, ngakhale kukhoma mabokosi a maliro. Kumishoni mmisiri sasankha ntchito. Shedi yathu inali kuseri kwa tchalitchi, ndipo mmenemo munkasungidwa chilichonse chimene Bulaza ankati chidzagwira ntchito tsiku lina, kuyambira zitini za penti zouma mpaka waya wakale wa khola la nkhuku.

Pafupi ndi tchalitchi panali phanga lomangidwa ndi miyala, ndipo mmenemo munkaima chifaniziro choyera cha Amayi Maria, chachitali pafupifupi ngati munthu, chimene ansembe oyamba anabwera nacho kuchokera kwawo. Phazi limodzi linkatulukira kunsi kwa mkanjo, litaponda mutu wa njoka. Chaka chotsatira, pa ulendo wa mwezi wa Maria, amuna amene anachinyamula anapunthwa pakhomo la tchalitchi, ndipo phazi lija linaphwanyika n'kukhala zidutswa. Bulaza anati zoumbira za mtundu umenewo sizikupezekanso m'dziko muno, ndiye ndione ndekha chochita. Ndinayesa kuumba ndi manja, koma chimene chinatuluka chinali ngati chinangwa. Ndiye madzulo ena, ndikuyang'ana amayi anu akusamba m'mapazi pakhonde, nzeru inandibwerera. Anali ndi mapazi aang'ono, ndipo nthawi imeneyo anali ndi pakati pa Tereza. Ndinakanda dothi la pachulu m'beseni n'kuwapempha kuti apondemo.

"Imwe, mufuna nichimwe?" anatero, akuseka mpaka kugwira mimba. "Phazi yanga yamene iponda vitosi va nkhuku ikankhale pali Amai Maria?"

"Nabo Amai Maria banali kuyenda pansi," ndinawayankha. "Banali kutapa manzi monga imwe. Pondani chabe."

Anaponda, atagwira phewa langa kuti asagwe. Dothi litauma, ndinapinda waya wa khola la nkhuku n'kuuika m'chikombole chimenecho, ndinasefa mchenga wa kumtsinje, ndinathira simenti, kenako ndinapaka penti yoyera yotsala pa mafelemu a zitseko. Phazi linakhala ngati linabadwira pomwepo. Bulaza anagogoda ndi kanyundo kake, anandiyang'ana, nafunsa kumene ndatenga chitsanzo. Nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Phazi labwino. Koma pakamwa tseka." Tinatsekadi. Zaka zotsatira, tikamadutsa paphanga ndi amayi anu, ankanditsina pamkono, ndipo tinkapemphera kolona yathu tikudziletsa kuseka. Zimenezo zinali zaka zathu zokoma, Tereza akuyamba kuyenda, Yosefe ali kumsana.

Ku mishoni, 1984 mpaka 1985

Bulaza Kanyundo anadwala chifuwa n'kubwerera kwawo, ndipo makiyi a shedi anatsala ndi ine. Inu simungamvetse mmene zinthu zinkasowera nthawi imeneyo. Sopo, mchere, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere, ndipo munthu ukaona mzere unkayamba waima kenako n'kufunsa chimene chabwera. Zimenezo tinkapirira. Chimene chinatithyola ndi mankhwala. Kiliniki yathu inali ndi Asisitere a mtima wabwino ndi mashelefu opanda kanthu. Mwana akatsegula m'mimba ankakuuza kuti umupatse madzi a mchere ndi shuga, pamene shuga weniweniyo unali usanamuone kuyambira Khirisimasi.

Ndi m'masiku amenewo pamene ndinaona kuti zala za phazi lija zayamba kuchepa. Poyamba ndinati ndi mvula. Koma masana ena, ndikuchokera kokonza denga la sukulu, ndinapeza Bamai Agata atagwada paphanga ndi supuni m'manja, akupala chala chachikulu, fumbi likugwera pakapepala. Bamai Agata anali mtsogoleri wa amayi a mapemphero, munthu amene ankasambitsa maliro a aliyense ndi kugona kwa odwala amene abale awo awathawa. Sanali munthu woti ungamukalipire.

"Bamai, muchita chani?" ndinafunsa.

Sanadzidzimuke n'komwe. "Nitengako chabe pang'ono, Batate ba Tereza. Mwana wa Sofiya athulula. Timaika mu manzi, amwa."

"Iyi ni simenti, bamai. Simenti na penti."

"Kuli imwe ni simenti," anatero akupinda kapepala kaja. "Ise tibapase chani bana? Ku kiliniki mwaonako mankwala? Amai Maria ni mai, sibangakane mwana."

Ndinawasiya akupita ndi kapepala kawo. Ndinakauza wansembe wathu, Bambo Zulu, amene anali wachinyamata ndipo anali atangofika kumene. Lamulungu lotsatira analalika bwino ndithu. Anati chifaniziro chili ngati chithunzi cha mayi ako, umachiyang'ana kuti uwakumbukire ndi kulankhula nawo mumtima, koma suchidya, ndipo amene amachiritsa ndi Mulungu yekha. Amayi onse anavomera ndi mitu, ndipo pofika Lachitatu chala china chinali chitatha. Bambo Zulu anandiuza kuti ndikonze phazilo chikondwerero cha mu Ogasiti chisanafike, kuti alendo asaone manyazi. Ndinali ndi simenti pang'ono m'chitini imene Bulaza anabisa. Ndinapita m'mamawa anthu asanayambe kudutsa, kuti pasakhale wogwira simenti isanaume, ndinaumba zala zatsopano n'kupenta. Zitathanso ndinachitanso chimodzimodzi.

Pamenepo ndi pamene zinaipira. Mbiri inamveka kuti zala za Amayi Maria zimamera zokha. Anthu anayamba kubwera kuchokera kumidzi yakutali, ena a mipingo ina, ena osapemphera n'komwe, aliyense ndi supuni kapena phini. Ena ankasiya mazira ndi chimanga pansi pa phazi, nkhope ya chifanizirocho osaiyang'ana n'komwe. Ndinaima patali tsiku lina ndikuona mzere umenewo, mtima unandiwawa, chifukwa ndinazindikira kuti fano limene Baibulo limaletsa lija ndikuliumba ndine, ndi mpeni wanga womangira, poganiza kuti ndikukonza nyumba ya Mulungu. Sabata yomweyo mwana wa Sofiya uja anamwalira. Anali atadwalanso, ndipo mayi ake, m'malo mofunafuna njira yopitira ku Lusaka, anakhala masiku akumumwetsa fumbi n'kumadikira. Bokosi lake ndinakhoma ndine, ndipo linali lalifupi kuposa mkono wanga ndi theka.

Nditachoka kumanda ndinapita kwa Bambo Zulu ndi utuchi m'malaya. Ndinawauza kuti phazi lija sindidzalikonzanso, ndipo ngati andilola ndichichotse chifanizirocho paphanga, chikhale m'shedi mpaka mitu ya anthu itazizira. Iwo anati, "Ba Phiri, ine nizachoka pano tsiku lina, imwe muzasala. Bantu bazazonda imwe, osati ine. Mwaganiza bwino?" Ndinati ndaganiza. Loweruka ndinawauza amayi anu zimene ndidzachite mawa lake. Anangoti, "Mwamene mwaonela," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Misa itatha, Bambo Zulu anandiitana kutsogolo. Ndinabwera ndi chitini cha simenti, chitini cha penti ndi chidutswa cha waya wa khola la nkhuku, n'kuziika pansi anthu onse akuona. Ndinawauza kuti zala sizimera zokha, ndimaziumba ndine m'mamawa, ndipo zimene akumwetsa ana awo ndi izi zili apazi. Za mwini phazi sindinanene, chifukwa akanawadya amoyo amayi anu. Bambo wina kumbuyo anaimirira nati, "Manje Mulungu sangasebenzese manja yako?" Ndinati, "Angasebenzese. Koma mwana wa Sofiya tinaika Lachinayi." Sofiya anayamba kulira. Mpaka lero kulira kumeneko ndimakumva. Tinanyamula chifanizirocho ndi amuna atatu amene anavomera, tinachiimika m'shedi pakati pa matabwa, ndinachifunditsa nsalu, ndinatseka loko. Kiyi ndinaimangirira ku kolona yanga.

Ku mishoni, 1986

Anthu ena anasiya kundipatsa moni. Zimenezo sizinandivute kwambiri, munthu wa ku Katete sadya moni. Koma mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi udzudzu wambiri, ndipo mu Febuluwale Tereza anadwala malungo. Anali atangoyamba sukulu, mwana wolongolola, wokonda kukhala m'shedi kumanga tinyumba ndi zidutswa za matabwa. Tsiku loyamba tinati ndi kutentha thupi wamba. M'mawa wa tsiku lotsatira anayamba kukomoka, maso atatembenuka. Ndinatulutsa njinga, ndipo ndili mkati mopopa tayala, amayi anu anatuluka n'kugwada pakhomo, Tereza ali kumsana, mutu uli lende.

"Batate ba Tereza, nipaseniko kiyi."

Ndinapitiriza kupopa ngati sindinamve.

"Napapata. Sinizauza muntu. Pang'ono chabe."

Dzanja langa linalowa m'thumba, ndipo kiyi ija ndinaigwira. Musaganize kuti ndinali mwala. Ndikanauzidwa nthawi imeneyo kuti ndidye shedi yonse kuti mwana wanga adzuke, ndikanayamba ndi chitseko. Koma ndinkadziwa kuti tikamumwetsa fumbi tidzafuna kudikira kuti tione ngati ligwire, ndipo dzuwa lidzakwera tili pakhomo ngati Sofiya. Ndinkadziwanso kuti Tereza akachira atamwa fumbilo, palibenso mwana wa pamishoni amene adzatengeredwe kuchipatala. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu. "Amake Tereza, ija phazi muiziba. Kwelani njinga, tiyende." Anandiyang'ana kamodzi, anaimirira, anakwera.

Ku kiliniki Asisitere anatsegula kabati kuti tione ndi maso athu. Anamupukuta Tereza ndi nsalu yonyowa, anamupempherera, natiuza kuti tithamangire ku Lusaka. Galimoto ya mishoni inali itakhala pa njerwa kwa miyezi chifukwa chosowa matayala. Tinapalasa m'matope mpaka kumtsinje, umene unali utadzaza. Ndinawolotsa amayi anu ndi mwana, madzi ali m'chiuno, n'kubwerera kukatenga njinga pamutu. Pamsewu waukulu basi sinabwere. Tinaima dzuwa likutiwotcha, ine ndikuimitsa chilichonse cha mawilo, mpaka dalaivala wa lole ya makala anatimvera chisoni. Tinakwera pamwamba pa matumba. Ine ndinakhala kutsogolo nditagwira njinga ndi kutchinga mphepo, amayi anu kumbuyo kwanga, Tereza ali pamiyendo. Pamene nyumba za m'tauni zinayamba kuoneka, ndinamva dzanja pamsana. Nditacheuka ndinapeza amufunditsa chitenje kumaso. "Bauzeni baimilike," anatero. "Tibwelele."

Pamaliro anthu anabwera ambiri, ndipo zonong'ona zinkandifika ngakhale ndinali pakati pa amuna. Ankati anatsekera Amayi, nawonso Amayi amutsekera. Bamai Agata ndiwo anamusambitsa Tereza, ndipo sananene mawu oipa ngakhale amodzi, anangondigwira dzanja nati ndilimbe mtima. Bokosi ndinakhoma ndekha, ndinakana kuti wina andithandize. Sindikulemba izi kuti ndilape. Ngakhale lero kiyi ija sindikanaipereka. Koma ndikuuzeni ana anga, kukhala wolondola sikutonthoza munthu ngakhale pang'ono.

Amayi anu sanandinene. Ndikanakonda akanandinena, akanaswa mbale, akanapita kwa makolo awo. Iwo anangokhala chete. Anasiya kwaya. Ankaphika, ankachapa, ankakulerani, ankapita ku Misa, koma kaseko kaja kanatha, ndipo podutsa paphanga ankayang'ana kumbali. Ine ndinkati ndikudziwa chifukwa chake: akundiona ngati munthu amene anamana mwana wake thandizo lomaliza. Tinkagona m'nyumba imodzi ngati anthu amene akumana pa siteshoni. Chilimwe chitafika ndinamanga chipilala chachitali cha miyala ndi dothi m'phanga muja, ndipo tinabwezeretsa chifanizirocho pamwamba pomwe dzanja silingafike, phazi lili lodyeka momwemo. Anthu anayambanso kuyang'ana nkhope popemphera. Koma manda a Tereza anakhala mulu wa dothi ndi mtanda wa thabwa umene chiswe chinkadya chaka ndi chaka, chifukwa simenti inali itasoweratu. Mmisiri amene anamangira anthu nyumba zambirimbiri analephera kuphimba mwana wake, ndipo zimenezo zinkandichititsa manyazi.

Kanakantapa, 1989 mpaka 1990

Boma litayamba kugawa minda kuno kwa achinyamata ochokera m'tauni, linafuna amisiri omanga nyumba zosungiramo zinthu ndi zitsime. Ndinapempha kuchoka kumishoni, ndipo Bambo Zulu sanandifunse chifukwa. Kuno kunali tchire, misewu ya fumbi, ndi anyamata amene anali asanagwirepo khasu, akulira matuza m'manja. Woyang'anira ntchito anali Ba Mwale, munthu wamng'ono kwa ine koma waulemu, amene ankandiitana kuti mudala. Tsiku lina, tikudya chimanga chowotcha, anandifunsa kuti Tereza amene ndimatchulidwa nayeyo ali giredi chani. Ndinamuuza za imfa yake ndi za manda ake. Titamaliza nyumba yomaliza m'chilimwe cha 1990 anandiitana kuseri n'kundionetsa thumba la simenti lotsegula kale, louma m'mbali. "Mudala, iyi yasala, nalemba kale kuti ni yanu. Mukamangile mwana."

Tinapita awiri ndi amayi anu, titakwera thirakitala imene inkapita mbali ya kumishoni. Inu tinakusiyani kwa anansi. Tinafika dzuwa lili pamutu. Iwo anavula nsapato polowa kumanda monga ankachitira nthawi zonse, anazula udzu, n'kupita kukatunga madzi. Ine ndinasalaza dothi, ndinaika matabwa m'mbali, ndinaphwanya zibuma za simenti n'kuyamba kusakaniza ndi mchenga. Nditati ndithire madzi, anati, "Yembekezani." Anakhala pansi, anatulutsa kansalu kakuda ndi thukuta kamene kanali komangidwa pakona ya chitenje cham'kati, n'kukamasula ndi mano. Munali fumbi loyera, losakwana supuni.

Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Ndinafunsa kumene analitenga.

"Pa Loweruka paja, pamene munaniuza kuti mailo muzachosa. Ninayenda na phini." Sanandiyang'ane. "Ninali nayo masiku yonse. Na pa tsiku ija ninali nayo."

"Nanga kiyi munali kupempha ya chani?"

"Ninali kufuna muvomele imwe. Nisachite neka. Mukanati inde, sembe ninamasula pamene paja pakhomo." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Pa lole, imwe munali kuyang'ana kutsogolo. Mwana anali akali kupema. Ninamasula, ninaika mata pa chala kuti nitenge. Manje ninakumbuka beseni ija, mwamene ninaponda nikuseka, yeve ali mu mimba. Ninati, uyu mwana nimupase doti ya phazi yanga, niitane kuti ni Mulungu? Ninamanga futi. Ninayamba Tikuoneni Maria. Nikalibe kusiliza, anasiya kupema."

Fosholo inagwa m'manja mwanga. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi katundu wanga ndikuganiza kuti chete wawo ndi mlandu wa ine, osadziwa kuti munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi wasenza wolemera kuposa wanga, ndipo alibe womuuza. Ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale pa tsiku la maliro.

"Bantu banali kukamba imwe," anatero. "Ine ninali kuziba kuti wamene anamana mwana ni ine. Niuzeni zoona, Batate ba Tereza. Nikanamupasa, sembe alipo?"

"Iyai, Amake Tereza. Ni simenti na penti. Ninasakaniza neka."

"Kambani futi."

Ndinanenanso. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndipo ndinabwereza, nditagwada pafupi nawo, mpaka analira kulira kumene sanalire pa lole paja. Titatha, anayang'ana kansalu kaja nafunsa kuti atani nako. Ndinati simenti ntchito yake ndi kumanga. Anakutumulira fumbilo pa mulu wa daka, anathira madzi ndi manja awo, ine ndinakanda.

Nditamaliza kusalaza, anatenga msomali kuti alembe dzina. Powerama kuti afike pakati anataya mphamvu, ndipo phazi lawo linatera pakona, pa simenti yaiwisi. Anachotsa msanga n'kupepesa. Ine mwa chizolowezi ndinali nditatola kale mpeni womangira kuti ndifafanize, pakuti Ba Chanda anandiphunzitsa kusasiya chilema pa ntchito. Ndinayang'ana zala zisanu zija, zazing'ono, zomwe zija ndinaziona m'beseni. Ndinaubweza mpeni m'thumba.

Ndiye mukapita kumeneko, ana anga, limani udzu, pemphererani mkulu wanu ndi amayi anu kwa Mulungu amene anawatenga. Ming'alu ndidzakuonetsani katsekedwe kake ndikadali ndi maso. Chidindo chili pakonacho musachigwadire, si mankhwala, sichichiritsa munthu. Koma musachigumule. Ndi phazi la amayi anu.